Yogati wa pa Smithdown Road: mlandu wa Mayi Ward ndi Tesco, ndi funso limene mwini malo ayenera kuyankha

Pa milandu yonse ya anthu oterereka n'kugwa pamalo a eni ake, umene ndimautulutsa kawirikawiri mwini sitolo akakhala pampando wa alendo mu ofesi yanga ndi wa Ward v Tesco Stores Ltd. Unagamulidwa ndi khoti la apilo la ku England, ndipo unalowa m'mabuku a milandu mu 1976. Ndi kamlandu kakang'ono. Palibe anamwalira, palibe analumala, ndipo gwero la zonse linali kakatoni kamodzi ka yogati. Komabe funso limene majaji atatu anasiyanapo maganizo ndi lomwe limandipeza nyengo ya mvula iliyonse: munthu wagwa, wavulala, koma palibe akudziwa kuti chomwe chamugwetsacho chinatayika nthawi yanji. Ndani afotokoze, wogwayo kapena mwini malo?

Eni malo ambiri amabwera yankho lili kale pakamwa. "Bwana loya, ifetu timakolopa tsiku ndi tsiku. Mayiwo anangoterereka okha." Ndimawauza kuti a Tesco ananenanso zomwezo, dongosolo lawo linali lapatali kuposa la sitolo zambiri zomwe ndaziona, koma mlandu unawagwerabe.

Zomwe zinachitika ku Liverpool

Loweruka pa 29 June 1974, chakumasana, Mayi Ward analowa m'sitolo yaikulu ya Tesco pa Smithdown Road mumzinda wa Liverpool. Ananyamula basiketi ya waya ngati wogula wina aliyense n'kumazungulira m'mashelefu. Ali chakumbuyo kwa sitoloyo, anangomva phazi likuchoka litaponda chinthu chomata, n'kugwa. Podzuka m'pamene anaona zinthu zapinki pansi. Anali yogati. Pambuyo pake wantchito wina anatola kakatoni ka yogati chapafupi pomwepo, mbali yaikulu itatayika.

Pa zomwe zinatsatira, a sitoloyo ndi ofunika kuwayamikira. Wantchito anawadzutsa mayiwo, manijala anaitanidwa, anawatengera ku ofesi yake n'kuwasamalira mwaulemu, ndipo sitolo inachapitsa zovala zawo zomwe zinada. Khoti lenilenilo linanena kuti mayiwo anachitiridwa mwachifundo. Chifundocho sichinafafanize mlandu, komanso si chimene chinawagwetsa a Tesco. Ndikutsindika apa chifukwa eni malo ena anamva kwinakwake kuti ukadzutsa munthu wogwa ndiye kuti wavomera kulakwa, choncho amaima potero manja ali m'thumba, munthu akubuula pansi. Khalidwe limeneli silipulumutsa aliyense kukhoti, ndipo nthawi zambiri ndi limene limamutumiza wovulalayo kwa loya.

Umboni wa Mayi Ward unali wochepa zedi. Sanaone amene anagwetsa yogatiyo. Sakanatha kunena ngati anatayika mphindi imodzi asanafike kapena ola lathunthu. Anali ndi chowonjezera chimodzi chokha. Patapita masabata pafupifupi 3, akugula zinthu m'sitolo yomweyo, anaona sikwashi wa malalanje atatayika pansi. Anaima n'kumayang'anitsitsa kwa mphindi pafupifupi 15, ndipo palibe wantchito ndi mmodzi yemwe anabwera kudzapukuta. Ndimamuona m'maganizo mayi ameneyu ataima pakati pa mashelefu, anthu akumudutsa uku ndi uku, iye diso lili pa dziwe la sikwashi, akuwerenga mphindi. Palibe katswiri akanabweretsa umboni womveka kuposa umenewo.

Yankho la sitolo

Manijala anafotokozera khoti momwe amasamalira pansi. Usiku uliwonse kunkabwera kampani yoyeretsa. Masana sitolo ili yotsegula, pansi pankasesedwa ka 5 kapena ka 6. Antchito anauzidwa kuti akaona chinthu chatayika aime pomwepo, asachoke, aitane mnzawo adzapukute. Anavomerezanso kuti kutayika kwa zinthu si zachilendo m'sitolo yotere: pa sabata pankasweka zinthu pafupifupi 10, zambiri mwa izo mabotolo a sikwashi.

Lamulo lakuti woona chotayika aime pomwepo ndi lanzeru, ndipo ine ndimaliphunzitsa mpaka lero. Vuto linali pena. Palibe mboni imene inauza khoti kuti tsiku limenelo, pamalo paja panasesedwa komaliza nthawi yanji. Kaya panadutsa tsache kamphindi kochepa mayiwo asanagwe, kaya panali patatha ola, kaya ola ndi theka, khoti linalibe pogwira. Manijala anafotokoza zomwe zimayenera kuchitika tsiku lililonse, osati zomwe zinachitika Loweruka limenelo masana. Khoti la ku Liverpool linagamula mokomera Mayi Ward, ndipo Tesco inachita apilo.

Majaji awiri kwa mmodzi

Lord Justice Lawton anayambira pa mfundo yosavuta. Pansi pa sitolo pali m'manja mwa eni sitolo ndi antchito awo. Munthu saterereka pa chinthu chotayika ngati pansi pakusamalidwa bwino ndipo zotayika zikupukutidwa zikangochitika. Ngozi yotere ikachitika, eni sitolo ndiwo ayenera kubwera ndi kufotokoza kosonyeza kuti sinadze chifukwa cha kusasamala kwawo. Mfundoyi ndi yakale: inafotokozedwa bwino mu mlandu wa 1865 wa Scott v London and St Katherine Docks, momwe matumba a shuga anagwera munthu wodutsa pansi pa nyumba yosungiramo katundu. Maloya timaitchula ndi mawu a Chilatini akuti res ipsa loquitur, kutanthauza kuti chinthucho chikudzinenera chokha. Thumba la shuga siligwa kuchokera m'mwamba popanda wina kutayirira.

Lord Justice Megaw anagwirizana naye, koma anasiya khomo lotsegula, ndipo khomo limeneli ndi limene ndimafuna mwini malo aliyense alione bwino. Sitolo ikanapulumuka ikanasonyeza kuti ngoziyo ikanachitikabe ngakhale dongosolo lake likuyenda bwino, mwachitsanzo kuti yogatiyo anali atangotayika kumene. Koma ntchito yosonyeza zimenezo ndi ya sitolo, si ya wogula.

Lord Justice Ormrod anakana. Kwa iye, yogatiyo akanatha kugwetsedwa ndi wogula wina masekondi ochepa Mayi Ward asanafike, ndipo palibe dongosolo limene lingaletse zimenezo. Wodandaula sanasonyeze kuti ngoziyo ikanapewedwa, ndiye sitolo ilipira chifukwa chiyani? Maganizo amenewa sindiwapeputsa. Ndikamaimira eni malo, ndi amene amabwera m'mutu mwanga poyamba, ndipo pali milandu imene amakhala oona.

Koma ndikaika ziwirizi pa sikelo, ndimaima ndi awiri aja. Kuuza munthu amene wangogwa kuti atchule nthawi imene mafuta anatayika ndi kumupempha chinthu chimene sangakhale nacho. Iye analowa maso ali pa mashelefu, ndipo ndi sitolo yomweyo imene inakonza kuti maso ake akhale kumeneko, ndi mitengo yolembedwa mofiira ndi katundu wosanjidwa mokopa. Mwini malo ali ndi antchito, wotchi, buku, masiku ano ngakhale kamera. Amene ali ndi njira yodziwira ndiye afotokoze. Akakhala chete, khoti lili ndi ufulu woganiza kuti kukhala cheteko kuli ndi chifukwa.

Malire ake

Mlandu wa Ward sunanene kuti aliyense wogwa pamalo a mwini ake alipidwe. Lamulo silifuna kuti mwini malo achite zosatheka. Limafuna kusamala koyenera. Chitsanzo chodziwika ndi mlandu wa Latimer v AEC Ltd wa mu 1953. Chimvula chachikulu chinasefukira m'fakitale, madziwo n'kusakanikirana ndi mafuta a makina, ndipo ataphwera anasiya pansi ponse poterera. Akuluakulu a fakitale anawaza utuchi wokwana matani pafupifupi 3, wonse umene anali nawo, koma sunakwanire paliponse. Wantchito wina anaterereka pamalo opanda utuchi n'kuvulala mwendo. Khoti lalikulu koposa la dzikolo pa nthawiyo, House of Lords, linati kampaniyo inachita zomwe munthu wanzeru akanachita, ndipo chiopsezo chotsalacho sichinali chachikulu moti n'kutsekera fakitale yonse.

Kusiyana kwa milandu iwiriyi ndi kumene ndimafuna anthu agwire. A fakitale anatha kuloza zomwe anachita tsiku lomwelo: utuchi uwu, antchito awa, nthawi iyi. A sitolo analoza zomwe amachita masiku onse.

Chifukwa chake ukutikhudza kuno

Malawi inalandira malamulo a ku England ochokera m'zigamulo za makhoti kudzera mu British Central Africa Order in Council ya 1902, ndipo pa milandu ya kusasamala makhoti athu amagwiritsabe ntchito mfundo zomwezo, kuphatikizapo ya mlandu wa Donoghue v Stevenson wa 1932 yakuti usamale anthu amene zochita zako zingawavulaze. Chigamulo cha ku England cha mlandu wa Ward sichimanga manja jaji wa ku Blantyre, Lilongwe kapena Mzuzu, koma amachimvera ngati uphungu wolemera, ndipo loya wa wovulala adzachitchula.

Zotigwetsa zathu ndi zathu. Khonde la simenti lopakidwa polishi wofiira mpaka kuwala, mvula n'kuwazapo. Matailosi onyezimira a m'chipinda amene aikidwa pakhomo la sitolo chifukwa ndi okongola. Katoni yoyalidwa pakhomo nthawi ya dzinja kuti anthu azipukutira matope, imene ikanyowa imasanduka sopo. Mafuta ophikira oyeza amene adontha pafupi ndi kauntala. Masitepe osalingana kutalika, opanda chogwirira. Ngalande yotsegula pakati pa msewu ndi khomo. Ndipo pali china chimene ku Liverpool sankachiganizira n'komwe, chimene chinandibweretsera fayilo yomwe ndikufuna kuifotokoza.

Fayilo ya firiji

Bambo wina amene ali ndi sitolo ya zakudya m'tauni anabwera ndi kalata yochokera kwa loya wa mayi wina. Magetsi anali atazima usiku wonse mpaka m'mawa. Firiji yaikulu ya nkhuku ndi soseji inasungunuka, madzi n'kumayenderera pang'onopang'ono kuchokera pansi pake kulowa m'kanjira kapakati pa mashelefu. Matailosi anali oyera, madziwo oyera, m'sitolo muli kamdima. Mayiyo analowa atabereka mwana kumbuyo. Phazi litachoka, anadziponya chakutsogolo kuti asagwere mwana, thupi lonse n'kutsamira pa dzanja lamanja. Mkono unathyoka pafupi ndi chikhatho. Mwana sanavulale. Mayiyo ankakazinga mandasi n'kumagulitsa pasukulu ina. Anakhala masabata angapo mkono uli m'chikhakha, osatha kukanda ufa, osatha kutunga madzi.

Ndinawafunsa bambowo mafunso amene ndimafunsa aliyense.

"Bambo, m'mawa umenewo anakolopa ndani?"

"Mnyamata wathu, bwana. Amakolopa tikangotsegula."

"Anakolopa nthawi yanji, ndipo anabwereranso pa firiji paja nthawi yanji?"

Anakhala chete. Kenako anati mnyamatayo anamuchotsa ntchito sabata yomweyo chifukwa cha nkhani yomweyi, ndipo anamva kuti anabwerera kumudzi. Kamera inalipo, koma makina ake amafufuta zakale n'kujambulapo zatsopano pakapita masiku, ndipo palibe anaganiza zosunga za tsikulo. Buku lolembamo ngozi kunalibe. Chimene aliyense m'sitolomo ankakumbukira bwino ndi mawu amene mtsikana wa pa tilu ananena mayiyo ali pansi: "Amayi, muziyang'ana poyenda." Mayiyo nayenso ankawakumbukira, ndipo anali m'kalata ya loya wake.

Ndinawauza mosabisa kuti mlandu wawo unali wolemera kuposa wa Tesco. Yogati uja anagwetsedwa ndi munthu wosadziwika pa nthawi yosadziwika. Madzi awa anachokera m'firiji yawo, ndipo aliyense m'sitolomo ankadziwa kuti magetsi akazima nthawi yaitali firijiyo imalira misozi. Sinali nthawi yoyamba. Chiopsezo chodziwika kale sichifuna kuti wina achione kaye. Chimafuna kuti m'mawa wa tsiku lotere munthu aikidwe pomwepo ndi chikolopa ndi ndowa, kapena kanjirako katsekedwe mpaka paume. Kuzima kwa magetsi si mlandu wa mwini sitolo, koma madzi ali pansi pake ndi ake.

Chinandipweteka kwambiri ndi nkhani ya mnyamata uja. Iye yekha ndiye akanatha kunena kuti anakolopa nthawi yakuti, anabwereranso nthawi yakuti, madzi anali asanafike pakanjira. Mwina umboni wake ukanathandiza abwana ake, mwina ayi, koma anachotsedwa mwaukali asanafunsidwe n'komwe. Mwini malo akathamangira kupeza womuloza chala, amataya mboni yake yomwe. Komanso lamulo limaika kulakwa kwa wantchito pa ntchito yake pamutu pa womulemba ntchito, choncho kumuchotsa sikuchotsa mlandu.

Bambowo anafunsa ngati mayiyo analibe gawo lake, popeza anali ndi maso. Funsoli ndi loyenera. Khoti likapeza kuti wovulala nayenso sanadzisamale, limachepetsa chipukutamisozi molingana ndi gawo lake. Ku England zimenezi zinakhazikitsidwa ndi lamulo la 1945, ndipo makhoti athu nawonso amagawa kulakwa chomwecho. Munthu wothamanga, woledzera, kapena wodumpha chingwe chotsekera malo onyowa, amasenza mbali yake. Koma madzi oyera pa tailosi yoyera m'sitolo yopanda magetsi, sindinaone jaji amene akanamuimba mayiyo mlandu wosawaona. Ngakhale pa mlandu wa Ward, a Tesco sananene kuti mayiwo analakwa posaona yogati, chikhalirecho anali wapinki.

Chikwangwani, kampani yoyeretsa, ndi landilodi

Pali zishango zitatu zimene eni malo amakonda kunyamula, ndipo chilichonse chimateteza pang'ono chabe.

Choyamba ndi chikwangwani chachikasu chija chochenjeza kuti pansi ndi poterera. Lamulo la ku England la Occupiers' Liability Act la 1957 limanena momveka kuti chenjezo palokha silimasula mwini malo, pokhapokha ngati linali lokwanira kuti mlendoyo akhale wotetezeka. Nzeru imeneyi ndi yoona kulikonse. Chikwangwani choikidwa kuseri kwa shelefu, kapena chimene chimakhala pamalo amodzi tsiku lonse pouma ndi ponyowa pomwe mpaka anthu anasiya kuchiona, si chenjezo. Ngati njira yokhayo yopita ku tilu ndi yonyowayo, kumuuza munthu kuti ndi poterera sikumupatsa podutsa pena. Ndipo kuno kwathu ndimafunsanso kuti chalembedwa m'chinenero chanji. Agogo ochokera kumudzi kudzagula shuga ndi mchere sanachenjezedwe ndi mawu a Chingelezi amene sangawerenge. Lamulo lomwelo la 1957 limakumbutsanso kuti ana sasamala ngati akuluakulu, ndipo mwini malo ayembekezere zimenezo.

Chachiwiri ndi chakuti oyeretsa ndi a kampani ina. Ichi nthawi zina chimagwira. Ku South Africa, kumene abale athu ambiri amagwira ntchito yoyeretsa ndi yaulonda m'misika ikuluikulu, khoti la apilo linagamula mu 2008 mlandu wa Chartaprops v Silberman, wa mayi amene anaterereka ku Killarney Mall mu Johannesburg. Majaji ambiri anati mwini nyumbayo analibe mlandu chifukwa anapereka ntchitoyo kwa kampani yodziwa ntchito ndipo ankailondola. Mlandu unatsalira kampani yoyeretsayo. Malamulo a kumeneko ali ndi mizu yosiyana ndi yathu, koma phunziro la kayendetsedwe ndi lomwelo: sikokwanira kusaina pangano n'kuiwala. Muyenera kusonyeza kuti munasankha anthu odziwa ntchito ndipo munkayendera kuona ngati ikugwiridwa.

Chachitatu ndi chakuti nyumbayi si yanga, ndimangochita lendi. Lamulo silifunsa kuti dzina la pa pepala la malo ndi la ndani. Limafunsa kuti malowo akuwalamulira ndani. Mu mlandu wa Wheat v Lacon wa 1966, mlendo wogona panyumba ina yomwera mowa ku Great Yarmouth anagwa pa masitepe akumbuyo opanda nyale, amene chogwirira chake chinkathera m'njira, n'kumwalira. House of Lords inati kampani yomwe inali mwini nyumbayo ndi manijala wokhalamo onse akhoza kuwerengedwa ngati olamulira malowo pa nthawi imodzi, ngakhale pamapeto pake kampaniyo sinapezeke yolakwa. Choncho wa lendi amayankha za m'sitolo mwake, landilodi amayankha za masitepe ndi makonde ogwiritsa ntchito onse amene anatsala m'manja mwake, ndipo denga likamadontha onse awiri akhoza kuitanidwa.

Wogwayo akakhala wantchito wanu, nkhani imalowa njira inanso. Workers' Compensation Act ya 2000 imapereka chipepeso kwa wovulala pa ntchito, ndipo Occupational Safety, Health and Welfare Act ya 1997 imaika pa olemba ntchito udindo wosamala malo ogwirira ntchito. Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Ola loyamba

Milandu yotereyi imapambanidwa kapena kutayika mu ola loyamba, loya asanamve n'komwe. Choyamba ndi munthuyo. Amene wagunditsa mutu, kapena akudandaula khosi, msana kapena chiuno, asadzutsidwe mokoka. Okalamba makamaka amathyoka fupa la m'chiuno pa kugwa kooneka kochepa. Mupezereni galimoto, wina amuperekeze kuchipatala, ndipo mawa lake mumufunse kuti wadzuka bwanji. "Pepani amayi, tiyeni tikuthandizeni" ndi umunthu, si kuvomera mlandu. Chimene wantchito sayenera kuchita ndi kugamula nkhani pomwepo, kaya ponena kuti kulakwa n'kwathu, kaya ponena kuti n'kwanu.

Kenako, chikolopa chisanadutse, wina ajambule pansipo ndi foni: chotayikacho, kukula kwake, kumene chikuchokera, kuwala kwa malowo. Zithunzi zimenezi zimanena zambiri. Dziwe lopondedwapondedwa, lokhala ndi mizere ya matayala a ngolo, louma m'mphepete, lakhalitsa. Dziwe loyera lopanda chidindo cha nsapato ndi latsopano, ndipo ndi limene lingatsegule khomo lija Lord Justice Megaw analisiya. Lembani nthawi, mayina a amene anaona, ndi zomwe aliyense wanena, tsiku lomwelo. Zojambulidwa ndi kamera zisungidwe padera, osati mphindi ya kugwa yokha, koma ola lonse munthuyo asanagwe, chifukwa funso lidzakhala lakuti chinatayika liti ndipo anadutsapo ndani. Amene ali ndi inshuwalansi yoteteza ku madandaulo a anthu obwera pamalo adziwitse kampani yake mwamsanga, pakuti mapangano ambiri amafuna zimenezo, ndipo kuchedwa kapena kulonjeza ndalama mwa inu nokha kumapatsa kampaniyo chifukwa chokanira.

Kwa wovulala uphungu ndi womwewo, kungoutembenuza. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, sungani buku la kuchipatala ndi malisiti onse, ndipo musasaine pepala lililonse lakuti nkhani yatha musanadziwe kukula kwa bala lanu. Makhoti athu poyeza chipukutamisozi amaona ululu ndi kuvutika, zinthu zimene munthu sangathenso kuchita, kupunduka kwa thupi, ndalama zomwe wawononga ndi zomwe walephera kupeza, ndipo zonsezi zimatsamira pa lipoti la dokotala. Makolo anati mlandu suwola, koma kukhoti umawola: dandaulo la kuvulala m'thupi chifukwa cha kusasamala liyenera kuperekedwa pasanathe zaka 3. Amene alibe ndalama ya loya akhoza kukagogoda ku Legal Aid Bureau.

Momwe fayilo ija inathera

Ndinawalangiza bambo aja kuti asalimbane nawo mlanduwo. Analibe inshuwalansi, analibe mboni, analibe buku, ndipo kukoka nkhani kukanangowonjezera ndalama za maloya mbali zonse ziwiri. Tinakhala pansi ndi mayiyo, mlongo wake amene anamuperekeza, ndi loya wake. Tisanayambe za ndalama, bambowo anadzuka, anavula chipewa, n'kunena kuti, "Mayi, pepani. Zomwe zinakuchitikirani m'sitolo mwanga, komanso mawu amene munauzidwa muli pansi, sizinayenere." Mayiyo anayang'ana mkono wake kwa kanthawi, kenako anati chomwe chinamuwawa koposa fupa ndi chakuti palibe anabwera kudzamuzonda. Tinagwirizana ndalama yolipira zakuchipatala, phindu la mandasi la masabata amene sanagwire ntchito, ndi ya ululu, yoperekedwa m'magawo, zonse zolembedwa ndi kusainidwa.

Patapita miyezi ingapo ndinadutsa pa sitoloyo. Firiji ija anaisunthira kukhoma lakumbuyo, pansi pake pali thireyi yachitsulo yolandira madzi. Pakhomo, pomwe pankayalidwa katoni, pali mphasa ya labala. Pafupi ndi tilu papachikidwa kope la ana asukulu lomangidwa ndi chingwe, bolopeni ili pomwepo. Ndinalitsegula. Tsamba lililonse ndi tsiku, mzere uliwonse ndi ola: nthawi, dzina la woyendera, ndi zomwe wapeza. Mizere yambiri inangolembedwa kuti "pouma". Pa tsamba la dzulo lake, pa 10:00, panalembedwa ndi dzanja la mtsikana wa pa tilu uja kuti: "Magetsi azima. Ndaika ndowa pa firiji, ndatseka kanjira ndi makreti. 10:40 pauma, ndatsegula."